Nsidze zimene a Malizani ankasunga

A Kachingwe, mkulu wa mpingo wathu kuno ku Tottenham, ndinu amene munanena kuti a Malizani anali mfiti. Musakane, uthenga uja ndikadali nawo mu foni. Munaujambula mutaima m'chipinda chawo chogona, thupi lawo lili ku mochale, n'kuuponya pa gulupu ya mpingo. Tsiku lomwelo unafika kwawo ku Ntcheu. Pano chaka chakwana. Mwezi wamawa alongo awo, a Esinati, akuvundukula chiliza, ndipo tchalitchi cha kumudzi chakana kupitako. Abusa ayi, kwaya ayi, amayi a yunifolomu ayi. Mayi wokalamba uja akaima pamanda ndi amisiri a simenti okha.

Ine sukulu ndinalekeza sitandade faifi, kulemba kumandipweteka khosi. Koma munthu mukumunenayo ndinagwira naye ntchito nyumba imodzi zaka khumi ndi zinayi ku yunivesite, iwo pa benchi yawo yogwirirapo ntchito m'chipinda chapansi, ku basement, ine ndi trolley yanga, kukankha masilinda a gasi ndi makatoni. Zomwe munatulutsa m'kabati mwawo ndimazidziwa chimodzichimodzi.

Munatulutsa timaenvulopu, kalikonse kolembedwa dzina la munthu wa mumpingo, m'kati muli titsitsi tiwiri titatu. Munatulutsa timafelemu tawaya tokulungidwa ulusi wa kangaude. Munatulutsa botolo la jamu loboola pachivundikiro, kangaude wamoyo ali momwemo. Ndiye pa foni paja munati abale, munthu uyu anatimanga tonse. Kaenvulopu kena kanali kanga, kolembedwa Layisoni. Titsitsi timeneto ndi nsidze za m'chikope, ndipo zanga ndinapereka ndekha.

Ndinawadziwa sabata yanga yoyamba. Silinda inandiponda chala mu korido, ndinatukwana mawu oti sindingalembe pano. Chitseko chinatseguka, panatuluka mdala wamfupi wa jekete loyera, magalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu.

"Achimwene, mawu amenewo ndinawamva komaliza pa depoti ya Balaka. Kwanu n'kuti?"

"Ku Machinga, madala. Pepani."

Anandiyandikira. Ankangondiyang'ana m'maso, pafupi, ngati dokotala.

"Muli ndi nsidze zabwino."

"Madala, kuno ku London mawu amenewo amamangitsa."

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundikokera m'kati. Anandikhazika pa maikulosikopu yawo, akuti suzumirani. Ndinaona kampira kowala ngati thovu la sopo, kali lende pa timaulusi tiwiri. Nditachotsa diso kuti ndikaone chabe, ndinachita kukasakasaka. Kanali ngati njere ya fodya. Azungu amati target. Iwo ankangoti kamkanda.

Anandifotokozera kangapo, ndiye ndinena mmene ndinamvera ine. M'kamkandamo amaikamo gasi. Kunja kwa London kuli chinyumba cha laser, kuwala kwamphamvu kumene amawombera pa kamkandako mbali zonse nthawi imodzi. Kamkanda kamafinyika, m'kati mumatentha ngati m'kati mwa dzuwa. Cholinga n'choti tsiku lina moto wotere uzipanga magetsi. Koma zonsezi zimatha munthu usanayambe n'komwe kuphethira, ndiye vuto lalikulu ndi kuona chomwe chachitika. A Malizani ankaboola timabowo pa kachitsulo kopyapyala, toti diso silingaone, kuti kuwala kudutsepo kukajambule chithunzi kuseri. Komanso ankapachika kamkandako. Ukakagwiritsa ndi waya, wayayo amatchinga kuwala, kamafinyika mopendekeka, chithunzi chimatuluka chokhota. Ulusi wa kangaude ndi wochepa koma wolimba, sutchinga. Tsono guluu umupaka ndi chani pa kanthu kotere? Burashi ya m'shopu pamenepo ili ngati tsache. Ndiye ankamata nsidze imodzi pa kamtengo kotokosera mano, burashi yawo n'kukhala imeneyo. Ufiti wonse ndi umenewo, a Kachingwe.

Zawo zinali zitayera, akuti nsidze ya mdala imathyoka. N'chifukwa chake ankapempha. Maina ankalemba chifukwa nsidze zimasiyana. Yanga akuti ndi yosongoka, yabwino pa guluu wochepa. Ya amai Tembo, nesi wa ku Lusaka uja amaimba alto, akuti ndi yolimba. Anawapempha poyera, pa tiyi wa titatuluka m'tchalitchi, ine ndili pomwepo. Amai Tembo anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Tengani chabe batate, nizagula yenangu ku Wood Green. Manje malaiti yanu yakayaka, kwathu ku Matero ndiye first."

Inu nthawi imeneyo munali kalikiliki ndi mipando.

Ndipo mipando yomweyo ndi imene munayambira kuwada. Sevisi ikatha sankanyamula. Kwaya ikamaimba sankaomba m'manja, ankangogunda kachala pachifuwa. Moni ankapereka nsonga za zala. Munkati ndi matama a ku yunivesite. Matama ati? Munthu analekeza folomu thu. Ntchito anaiphunzira pakhonde la sitolo ku Limbe, kukonza mawotchi. Mzungu wina wophunzitsa sayansi anawabweretsera wotchi yoti ena onse anaikana, anaona mmene zala zikuyendera, ndi amene anawakonzera njira yobwera kuno. Asanafike ku laser anakhala zaka akumanga timawaya topyapyala m'makina othamangitsa tinthu tosaoneka ndi maso, timawaya tosonyeza pamene tinthuto tadutsa. Digiri analibe. Anali ndi manja basi, ndipo ankawasamala ngati mazira. Magolovesi ankavala ngakhale mu Julayi. Pa sitima zapansi za Victoria line ankalola masitima awiri adutse kuti apeze mpando, kuopa kulendewera pa chitsulo.

Tiyi sankamwa mpaka ntchito ya m'mawa itatha, akuti amanjenjemeretsa. Popaka guluu ankagwira mpweya, kudikira mtima ugunde, n'kupaka usanagundenso. Sitima yapansi ikamadutsa, nyumba ija inkagwedezeka pang'ono. Iwo ankakweza dzanja ine ndisanamve kalikonse, kudikira, n'kupitiriza. Ankakonda kunena kuti Mulungu anachita khama kwambiri pa tinthu tating'ono kuposa pa mapiri, ndipo amene sanasuzumirepo mwendo wa kangaude sakudziwa amene amamupembedza. Anakuuzanipo zimenezi pa Bible study, munati tibwerere ku vesi.

Sanali mngelo. Anali wamakani, wosachedwa kupsa mtima. Anakangana ndi makilina onse a nyumba ija chifukwa cha windo la pa masitepe pamene ankatolapo akangaude, anamatapo pepala loletsa kusesa, mayi wina wa ku Ghana analing'amba, sanalankhulane zaka ziwiri. Ine ndinamenyetsa chitseko tsiku lina ali pakati pa ntchito, ananditcha ng'ombe pamaso pa azungu, mwayi wake m'Chichewa. Sabata yonse moni osayankha. Lolemba lotsatira ndinapeza mbatata yophika pa trolley yanga, yokulunga mu foyilo. Kupepesa kwawo kunali kumeneko.

Pa lanchi tinkakhala pa masitepe a kuseri, ine n'kumawaputa dala.

"Madala, zaka zonsezi mukuwombera timikanda, mwawiritsapo ketulo ngakhale imodzi?"

"Ayi."

"Babu limodzi layaka?"

"Silinayake."

"Nde mukutani?"

"Inu mukukankha gasi zaka zonsezi, mwaphikirapo?"

Kenaka ankanena mofatsa kuti amene adzawiritse ketuloyo mwina sanabadwe, koma akadzabadwa adzafuna kudziwa zomwe zinakanika, ndipo adzaziona pa zithunzi zodutsa m'timabowo tawo. Ankati munthu wa ntchito yotere asamafune kuona mapeto. Zinkandikwiyitsa. Mpaka pano sindidziwa ngati ankanena zoona kapena ankangodzitonthoza. Chaka chilichonse ankati chino n'chomaliza, akupita kwawo kukalima kachewere pa munda wa mayi awo. Chaka chilichonse a Pulofesa, bwana wawo pa ntchitopo, ankabwera ndi pulani yatsopano, iwo n'kuti chabwino, iyi yokha. Mkazi analibe, ana analibe. Anali ndi a Esinati, amene ankawaimbira Lamulungu lililonse, kukangana za mbuzi zoti sanazionepo.

Mwambo wa maliro tinachitira mu holo yathu yopemphereramo thupi lisanakwere ndege. A Pulofesa awo, mayi wachizungu wa imvi amene anagwira nawo ntchito zaka zambiri, anabwera ndi maluwa, anakhala kumbuyo. Inu munatenga maikolofoni. Mbiri ya munthu simunawerenge. Munayamba kudula maunyolo, kumasula aliyense amene dzina lake linapezeka mu envulopu, kutchula mmodzimmodzi m'Chichewa. A Pulofesa akumva maina ndi dzina la Yesu, ankaganiza kuti mukutchula anzawo a malemu. Ankati amen, akupukuta maso. Potuluka anakugwirani dzanja kukuthokozani. Munalandira.

Dzina langa munalitchula lachitatu, ndipo ine ndinakhala chete. Zimenezo sindikubisa. Amai Tembo anayang'ana pansi. Mkazi wanga anali atandigwira malaya, anthu atandizungulira, manja pamutu panga, akuti BP yanga inachokera pamenepo. Ndinaopa kuti ndikaima anena kuti tinali limodzi. Kuno mpingo ndiye mudzi, ukachokamo n'kudwala abwera ndani kuchipatala? Ndinawerama, ndinalandira pemphero. Katundu uja munakamuwotcha pa mbaula ya braai kuseri kwa nyumba yanu, ndi kangaude yemwe.

Tsono mumve za kangaudeyo, chifukwa mu uthenga uja munati munawaona ndi maso anu akutola zinthu m'nyumba ya Mulungu. Munawaonadi. Chimene simukudziwa n'choti ankatola chifukwa cha ine.

Nthawi pa laser yaikulu ija saipereka wamba. Umapempha, umadikira chaka kapena kupitirira, amakupatsa masiku owerengeka, ukaphonya basi. Chaka china a Pulofesa anapatsidwa sabata imodzi mu Febuluwale, kuyamba Lachiwiri. A Malizani anakhala milungu itatu akupachika timikanda khumi ndi tiwiri. Lachisanu masana anandipatsa bokosi kuti ndikwere nalo ku ofesi ya a Pulofesa. Lifiti inali yakufa, ndinadzera masitepe. Foni inalira m'thumba, ndinafuna kuyankha. Bokosi linagunda masitepe atatu.

Ndinabwerera nalo. Anatsegula, anaika kamodzikamodzi pa maikulosikopu. Ulusi wa timikanda tonse unali utaduka. Nthawi imeneyo ndinali ndikadali waganyu wa agency, ndinkadziwa kuti Lolemba sindibweranso. Iwo anavula magalasi onse awiri. Ndinkadikira kuti anditchenso ng'ombe. Anangodzuka, n'kukwera kwa a Pulofesa, ine pambuyo. Ndili pakhomo ndinawamva akunena kuti ulusi wawo unali wakale, waduka wokha, kulakwa n'kwawo. Ndi bodza lokhalo limene ndinawamvapo.

Timikanda tapadera tinalipo tisanu. Ulusi ndiye panalibe. A ku ofesi anali atapopera mankhwala nyumba yonse mwezi womwewo, ndipo nyengo yozizira kangaude sumupeza wamba. Loweruka tinayenda tonse awiri, mu galaja ya landilodi wanga, pansi pa mlatho ku ngalande, m'shedi ya mnzawo wina wa ku Jamaica. Tinapeza maukonde akale okhaokha, eniake kulibe. Lamulungu sevisi itatha ndinawasowa. Ndinakawapeza atagwada m'kachipinda kosungira katundu ka holo, kuseri kwa mipando, pafupi ndi boila pamene pamafunda, tochi kukamwa, botolo la jamu m'manja. Ndi pamene munalowa inu.

"A Malizani, mipando simunyamula, koma kukwawa kuseri kwake mumatha. Mukufuna chani kumeneko?"

Anachotsa tochi kukamwa, anakuonetsani botolo.

"Uyu, a Kachingwe. Kuno akungokhala, ine ndili ndi ntchito yoti agwire."

Munayang'ana botolo, munandiyang'ana ine, munatuluka. Mukanafunsa tsiku limenelo akanakuuzani zonse, chifukwa munthu uja ukamufunsa za ntchito yake ankafotokoza mpaka basi kukusiya.

Lolemba ndinaonerera. Ankamuika kangaude pa kamtengo, iye n'kudziponya pansi pa ulusi wake, iwo n'kumazunguza felemu pang'onopang'ono kukulunga. Akafika pansi, kumutola, kuyambiranso. Tiyi sanamwe tsiku lonse. Pofika faifi koloko timikanda tisanu tinali lende. Lachiwiri m'mawa anapempha a Pulofesa kuti ine ndipite nawo ku laser, ndipo bokosi anandipatsa ine.

"Madala, ayi. Mpatseni wina."

"Achimwene, mu London monse muno munthu amene sangagwetse bokosi ili lero ndi inuyo. Gwirani."

Ndinalifumbata pamiyendo ulendo wonse wa sitima, foni nditazima, mkodzo utandigwira, osadzuka.

Kumeneko anatitsekera m'chipinda cha makompyuta, chitseko chochindikala ngati khoma, sailini ikulira, munthu akuwerenga chobwerera m'mbuyo pa sipika. Ndinkayembekeza bomba. Kunangomveka phu, ngati wina wagwetsa thumba la ufa chipinda china. Tinadikira. Pa sikilini panatuluka kadontho koyera pakati pa mdima. Azungu anayamba kulankhula onse nthawi imodzi. A Malizani sanayandikire n'komwe. Anangofunsa a Pulofesa ngati kali kozungulira. A Pulofesa anati kozungulira bwinobwino, n'kuwapsompsona padazi. Mdala anachita manyazi, anatuluka panja. Ndinakawapeza atakhala pa khoma m'chisanu muja, akumwa tiyi wawo woyamba kuyambira Lamulungu.

Ndinawafunsa ngati sizimawawa, ntchito yonse ija kutha kamodzi n'kamodzi. Anati kamkanda amakapangira zimenezo, kowawa ndi kamene katsala m'bokosi osawomberedwa. Za masitepe sanazitchulenso mpaka imfa yawo. A Pulofesa sakudziwa mpaka lero. Ntchito imene yandilelera ana atatu ndi imeneyo, ndipo munthu amene anadzinamizira yekha kuti ndisachotsedwe ndi yemweyo ndinamusiya mukumunyoza, ine nditawerama.

Dzanja lamanja linayamba kunjenjemera zaka ziwiri asanamwalire. Anapuma ntchito okha, asanauzidwe. Zida zawo anapita nazo kunyumba, ndi zija munazipeza. M'mawa uliwonse ankakhala pa tebulo la pawindo, mu fulati yawo ya pamwamba pa shopu ya nsomba zouma, kuyesa ngati dzanja labwerera. Silinabwerere. Ndikapita Loweruka ndinkapeza khoko la nthochi pawindo, loitanira tintchentche todyetsa kangaude wa m'botolo. Sanalinso uja wa mu holo, anali wina, koma ankati nyumba yopanda kangaude sangagonemo. Tsiku lina ndinawapeza atagwira dzanja lamanja ndi lamanzere, akuliyang'ana.

"Achimwene, ili landithawa. Kuchokera ku Limbe tinali limodzi."

"Likupuma, madala."

"Musandinamize, simutha."

Sitiroko inawapeza pa basi sitopu masana, akupita ku pemphero la Lachitatu, lomwe mumatsogolera inu.

Benchi yawo ikadalipo. Timikanda pano amaitanitsa topangapanga kuchokera kunja, timabwera m'bokosi la thovu, wosainira ndine. Pa benchi aunjikapo makatoni a mapepala. Maikulosikopu anaiveka pulasitiki. Kutsogolo kwake kuli kathabwa kamene anasema okha kotsamirapo mikono, kali ndi timaenje tiwiri tosalala pamene pankakhala zigongono. Kampando anakafupikitsa miyendo ndi sowo, ndiye palibe amakhalapo, aliyense mawondo amafika kuchibwano. Pakhoma patsala msomali ndi malo oyera pamene pankakhala kalendala ya mpingo wathu womwewu, imene mumagawa inu Januwale aliyense. Nyumba yonse ija palibenso wolankhula Chichewa. Ndimadutsa pakhomo pamenepo kanayi pa tsiku.

A Esinati anandiimbira Lachinayi. Sanalire. Anangofunsa kuti, bambo, inu munkakhala nawo, achimwene anga anali otero? Ndinati ayi mayi, sanali otero. Akuti nanga bwanji ku tchalitchi kuno sakumva za inu, akumva za mkulu wa mpingo? Akunena zoona. Ine ndine wa trolley, mawu anga sangadzutse kwaya ya ku Ntcheu. Anu angathe, chifukwa ndi omwe anaikhazika pansi.

Ndiye nazi zomwe ndikufuna. Lolemba bwerani kuntchito kwanga. Ndapempha kale a Pulofesa, avundukula maikulosikopu, musuzumire nokha. Mukakana kubwera, zanu. Koma Lamulungu likubwerali, zolengeza zisanayambe, muime kutsogolo munene m'Chichewa kuti munalakwa, kuti a Malizani anali mmisiri ndipo anafa ali Mkhristu. Amai Tembo avomera kuima nanu. Inenso ndiima, ndinena zanga. Mukatero muimbire abusa a ku Ntcheu tonse tikumva, muwauze apite kumanda ndi kwaya yawo. Musati tipemphererepo kaye. Kwatsala milungu inayi, ndipo kwaya imafuna nthawi yophunzira nyimbo.